Mwendo wa Gwape ndi Nkhungu ya Gologolo

Padangokhala. Mwavomera kuti tili tonse? Chabwino. Koma ndinenetu, amene wabwera kudzaseka abwerere, chifukwa iyi ine ndemwe ndikamaikamba sindiseka.

Panali Gologolo ndi msuweni wake Gwape. Awiriwa ankakhala m'mudzi wa nyama, ndipo mfumu ya mudziwo inali a Ntchefu. A Ntchefu anali ofatsa, osadziwa kukalipa, koma anali ndi vuto limodzi: amene wayankhula pomalizira ndiye ankamumvera. Kapitawo wawo anali Njiri, wamwano koma wolimbikira ntchito. Sing'anga wa pamudzi anali Nungu.

Chaka chilichonse udzu ukauma, anthu ankabwera ndi uzimba. Agalu, maukonde, zibonga, mikondo, lipenga patsogolo. Tsiku limenelo kunalibe nzeru ina koma miyendo. Ndiye panali lamulo lakale loti chisanu chikangoyamba, nyama zonse zizithamanga m'mawa uliwonse, kuchokera pa mtengo wa mbawa kukafika pachulu n'kubwerako. Nthawi yake inali imodzi yokha, dzuwa lisanatenthe. Masana anthu amakhala ali ponseponse, ndipo madzulo ndi nthawi ya Kambuku. Ukaphonya m'mawa, ndiye kuti tsiku lonse lapita.

Gologolo liwiro la pansi ankadana nalo koopsa. Tsiku lililonse ankafika pomalizira, lilime lili panja.

"Iwe wamchira!" ankakuwa Njiri. "Chikukulemera n'chiyani, mchirawo kapena ulesi?"

"A kapitawo, ine ndine wa m'mitengo. Galu anakwerapo mtengo liti?"

Gwape akamva zimenezo ankaseka. "Msuweni, chaka chatha agalu anakupeza mumtengo? Suja anakupeza m'munda wa mtedza wa eni ake, masaya ali tuu? Anakubereka kumsana ndani?"

"Ndiwe, msuweni. Ndipo msana wakowo ndi mafupa okhaokha, mpaka lero ndikakhala pansi ndimamva kuwawa."

"Chaka chino ndidzakusiya, akakudyere ndiwo."

"Ungandisiye iwe? Ungatukwane ndani ine nditafa?"

Ankatero tsiku ndi tsiku, paja pachisuweni palibe mlandu. Koma ankakondana kwambiri, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

Tsono chaka chimenecho kunabwera nkhungu yopanda khalidwe. Lero yagwa kuyambira mbandakucha, mawa kulibe, mkuja yakudikirirani mufike pakati pa njira ndiye ikuphimbeni. Amene ankati amadziwa za kunja onse anachita nayo manyazi.

M'mawa wina nyama zinanyamuka kunja kuli ngwee. Gwape, amene pa liwiro panalibe womuposa, anali patsogolo. Mwadzidzidzi kunja kunangoti mbuu. Gwape sanauone msampha wa waya umene anthu anatchera m'mbali mwa njira. Anzake anangomva kulira. Mmene ankamupeza, mwendo wakumbuyo unali utathyoka.

Nungu anaumanga mwendowo ndi timitengo, n'kumaupaka mankhwala mpaka mwezi unatha. Tsiku lomasula anamuuza mosabisa.

"Fupa lagwirana, mwana wanga. Koma mwendo uli ngati chikopa, ukapanda kuufufuta umauma gwa. Uzithamanga m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono, osadumpha tsiku. Ukatero, udzu ukamauma udzakhala uli bwino. Ukapanda kutero, uzimba udzakupeza ndi miyendo itatu."

"Ndamva, agogo."

Koma a Ntchefu, ataona zimene zinamuchitikira Gwape, anali atalamula kale kuti pasapezeke wothamanga m'nkhungu. Lamulolo silinali loipa. Kungoti tsopano m'mawa uliwonse nyama zinkasonkhana pansi pa mbawa, makosi ali m'mwamba, n'kumakangana. Uyu akuti ichoka, uyo akuti siichoka. Uyu akuti ibwera, uyo akuti yapita kwawo. Pokangana pomwepo dzuwa n'kutentha, aliyense n'kubalalika. Gwape ankabwerera kuchitsamba kwake mutu uli pansi.

Gologolo ankagona pamwamba penipeni pa mbawa. Kumeneko anazindikira kanthu kamene anzake a pansi sakanakadziwa: nkhungu imayamba kutha kumwamba. Iye ankaliona dzuwa likuboola, pansi kudakali mbuu. Sanauze aliyense. Anangokasunga m'tsaya ngati mtedza.

M'mawa wina nkhungu inagwa yoti sungaone ngakhale mphuno yako. Gologolo atasuzumira kumwamba anaona dzuwa layamba kuonekera ngati mbale yoyera. Anatsika msangamsanga.

"Zikomo mfumu! Mwavutika nayo mokwanira nkhunguyi. Kodi mundilola ndiipirikitse?"

"Iwe?" anatero Njiri. "Wolephera kupirikitsa ntchentche iwe?"

"Agogo anga a kuchimuna anali eni nkhungu. Nyimbo yake anandisiyira. Ndimangochita ulemu, paja mwana sayamba kudya akulu asanasambe."

A Ntchefu anayang'ana Njiri, anayang'ana Gologolo. "Yesa, mwanawe."

Gologolo anaimika mchira n'kuyamba nyimbo imene anaipeka pomwepo. Inali nyimbo yonyoza nkhungu, yoitcha mlendo wosaodira amene amalowa m'nyumba za eni, yoiuza kuti ibwerere kwa amake kuphiri. Mzere uliwonse ukatha, nyama zinkavomera ndi liwu limodzi loithamangitsa, motsitsa ngati kubuula. Anaimba kamodzi, kawiri. Pachitatu kunayamba kuyera, ndipo posakhalitsa chulu chinaonekera poteropo.

Ha! Mudzi wonse unagwedezeka. Akazi analuluta. A Ntchefu anaimirira n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo Gologolo ndi mwini nkhungu, ndipo mawu ake pa za kunja ndi omaliza. Gwape anamunyambita pamutu.

"Msuweni, kani m'kamutu aka muli kanthu? Wandipulumutsa ine."

Gologolo ankaganiza kuti mwini nkhungu sathamanga. Koma Njiri anamugunda ndi mphuno.

"Waimba bwino. Tsopano nkhungu yachoka, tiye pamzere."

Ndipo anathamanga, ndipo anafika pomalizira monga mwa masiku onse, nyama zikumuseka ulemu uja utaiwalika. Gwape naye anathamanga tsiku limenelo, motsimphina koma mosangalala. Gologolo anakwera mumtengo mtima uli phaphapha, nati, "Ndaphika ine, adya ena. Izi ziyenera kukonzedwa."

Kutacha, kunja kunali ngwee, kopanda ngakhale kamtambo. Nyama zinaima pamzere. Gologolo anatsika pang'onopang'ono, nkhope ili yakugwa.

"Zikomo mfumu, lero kulibe kuthamanga."

"Chifukwa?" anafunsa Njiri. "Ukuona nkhungu iwe?"

"Inu simungaione. Yabisala, ikudikira. Nkhungu ilibe maso, a kapitawo, imatsata mdidi wa ziboda. Nanga n'chifukwa chiyani inagwira Gwape osati Fulu? Suja Gwape ndiye anali patsogolo, ziboda zikulira kwambiri?"

Nyama zinayang'anana. Zinamveka zoona.

"Ndiye titani?" anafunsa a Ntchefu.

"Tikhale pansi tonse, miyendo yopinda, tiimbe mpaka igone. Koma wina asayerekeze kutambasula mwendo nyimbo ili mkati. Imamva."

"Nanga tithamanga liti?" anatero Njiri.

"Ikagona."

"Igona liti?"

"Ndidzakuuzani ine."

"Mfumu, uzimba suyembekeza nyimbo!"

A Ntchefu anagwedeza mutu. "Zoona, a kapitawo."

"Komanso mwendo wothyoka suyembekeza uzimba, mfumu," anatero Gologolo. "Mukufuna a Nungu amange ingati chaka chino?"

"Zoonanso," anatero a Ntchefu. Ndipo poti Gologolo ndiye anayankhula pomalizira, nyama zonse zinakhala pansi.

Zinaimba nyimbo ija ya mlendo wosaodira, zikuvomera motsitsa, mpaka dzuwa linatentha. Nkhungu sinabwere.

"Mwaona?" anatero Gologolo. "Taigwira. Mukanathamanga bwenzi pano tikulira maliro."

Taonani kuchenjera kwake kanyama aka. Nkhungu ikapanda kubwera, ndiye kuti nyimbo yagwira ntchito. Ikabwera, ndiye kuti ananena kale kuti ikubwera. Ikagwa mbandakucha, ankaiimbira mochedwa dala, kuti pochoka dzuwa likhale litatentha. Kulikonse kumene kunja kwatembenukira, Gologolo ankapezeka ali pamwamba.

Koma tsiku lachinayi zinamuvuta. Kunacha bwinobwino, nyama zinakhala pansi, zinaimba mokhulupirika, ndipo nyimbo ili mkati nkhungu inafika n'kuzikuta zonse.

Njiri anadzuka. "Eya! Takhala pansi, taimba, mdidi palibe. Nanga iyi yaitanidwa ndi ndani?"

Gologolo anacheuka. Maso ake anathamanga uku ndi uku kufuna pothawira. Ndipo anaona Gwape, amene anakhala pafupi naye, atatambasula mwendo wodwala uja chifukwa unkamuwawa akaupinda nthawi yaitali.

"Wina watambasula mwendo," anatero Gologolo.

Dzina sanatchule ayi. Koma maso ake anali pomwepo, ndipo maso a mudzi wonse anatsatira. Gwape anaukoka mwendowo msangamsanga.

"Pepani, abale anga. Umandiwawa. Sindimadziwa kuti imva."

"Wavulala wekha, tsopano ukufuna tivulale tonse?" inatero nyama ina kumbuyo.

"Pepani. Sindidzachitanso."

Inu, apa ndi pamene ine mtima umandipsa. Mnzako amene anakubereka kumsana agalu ali pambuyo, iwe n'kumuponya pamoto kuti upulumutse bodza lako? Asa! Gologolo anamva manyazi, inde anamva, koma manyazi osatuluka pakamwa ndi opanda ntchito.

M'mawa mwake Gwape anabwera atamanga mwendo uja ndi luzi, ataupinda, kuti ngakhale uwawe bwanji usatambasuke. Poyamba ankamasula nyimbo ikatha. Kenako anayamba kuopa kuti mwina nkhungu imamva ngakhale masana, ndiye analeka n'kumasula komwe. Ankangoyenda ndi itatu.

Nungu atamuona anaimitsa minga yonse.

"Mwana iwe, ndinati chiyani ine? Wamanga mwendo chifukwa chiyani?"

"Kuti ndisaphetse anzanga, agogo."

Nungu anapita kwa mfumu. "Mfumu, zengerezu adalinda kwaukwau. Mwana uyu akapanda kuthamanga mwezi uno, basi."

"Zoona, a sing'anga."

"Ndikumva chisoni kuposa nonse," anatero Gologolo, "paja ndi msuweni wanga. Koma tithamangitse mudzi wonse m'kamwa mwa nkhungu chifukwa cha mwendo umodzi? Tipirire pang'ono. Yatsala pang'ono kugona."

"Zoonanso," anatero a Ntchefu.

Masiku anapita. Udzu unayamba kufiira. Nyama zinanenepa, mawu oimbira anakoma, miyendo inalemera. Tsiku lina Njiri analephera kupirira.

"Taonani mimba zanu! Tasanduka kwaya ife? Kunja kuli ngwee, ine ndikuthamanga. Amene ali ndi nzeru anditsate."

Gologolo anachita mantha enieni. Anali atasuzumira kumwamba m'mawa umenewo, ndipo kunalibe nkhungu kulikonse. Njiri akanapita n'kubwerako bwinobwino, bodza lonse likanagwa.

"A kapitawo, musatero."

"Ndatero kale!"

Njiri anaimika kamchira kake n'kuliyatsa liwiro. Nyama zinapenya, mitima ili m'mwamba. Anadutsa theka la njira. Gwape anayamba kugwira luzi lija ndi mano kuti amasule. Ndiye mphepo inangotembenuka, ndipo nkhungu, imene ngakhale Gologolo sanadziwe kumene inachokera, inatsika n'kumumeza Njiri. Kunamveka kuti phu! Anali atagunda chitsa ndi nkhope. Anabwerako akudzandira, kumaso kuli zotupa zimene ana ake ali nazo mpaka lero.

Gwape analisiya luzi lija. Njiri anakhala pansi, anapinda miyendo, ndipo nyimbo itayamba iye ndiye ankavomera mokweza kuposa onse. Gologolo anapambana popanda kuchita kanthu, koma sanasangalale. Tsiku limenelo mtedza sunamukomere.

Dzuwa litapendeka, Gwape anabwera pansi pa mbawa akudumphira miyendo itatu.

"Msuweni, tatsika."

Gologolo anatsika.

"Sindinabwere kudzakutukwana lero. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwendowu sindikuumvanso bwino. Udzu wauma, ndipo dzulo ndinamva anthu akunola mikondo. Iwe ndiwe mwini nkhungu. Ndipemphereko m'mawa umodzi wokha. Umodzi, msuweni. Ndithamange pang'ono, ndione ngati udakalipo."

Mawu anafika pakhosi pa Gologolo. Akanangoti, msuweni, zonsezi ndi zabodza, masula mwendo. Koma anaganiza za nkhope ya Njiri, za nyama zonse zimene anazikhazika pansi mwezi wathunthu, za mmene zidzamuyang'anire. Anameza mawu aja.

"Mawa, msuweni. Ndiyankhula nayo."

"Zikomo. Ndimadziwa kuti sungandikane."

Mawa linafika, Gologolo anati mawa. Linafikanso, anati mawa. Tsiku lililonse ankafuna njira yoti atulukire m'bodza lake osachita manyazi, ndipo tsiku lililonse njirayo sinkapezeka. Gwape sanadandaule. Ankangomuyang'ana nyimbo ikatha, n'kubwerera kuchitsamba kwake.

Tsiku lachitatu Gologolo anapeza nzeru. Mumtima anati, "Mawa ndingolengeza kuti nkhungu yagona, nyimbo yatha ntchito, aliyense athamange. Ulemu wanga ukhalapo, mwendo wa msuweni uchira. Ngakhale ine ndithamanga nawo, zilibe kanthu." Anakondwa nayo nzeruyo, ndipo anadabwa kuti sanaiganize kale.

Kalanga ine! Kutacha kunagwa nkhungu imene sinagwepo chaka chonsecho. Nyama zinasonkhana mofufuzana ndi mawu, zinakhala pansi, zinayamba nyimbo. Ili pakati, kunamveka lipenga. Kenako agalu.

"Uzimba!" anakuwa Njiri. "Thawani! Aliyense ndi miyendo yake!"

Zinadzuka nyama zonenepa zija, miyendo ili dzanzi, n'kubalalika m'nkhungu zikugundana. Gwape anadzuka, anadumpha kawiri, katatu, n'kugwa. Anadzikokera m'chitsamba chapafupi n'kugona phee.

Gologolo anali kale pakati pa mtengo. Atacheuka anaona kuti msuweni wake sanapite patali. Anatsika, anamupeza, ndipo anayamba kutafuna luzi lija ndi mano ake akuthwa. Luzi linaduka. Mwendo unakhalabe wopinda.

"Tambasula, msuweni!"

"Ukukana."

Anaukoka ndi manja ake ang'onoang'ono. Unali gwa ngati munsi.

"Usavutike," ananong'ona Gwape. "Nkhungu yatibisa. Agalu akupita cha uko, ndipo anthu sakuona kanthu. Iwe ingoigwira isachoke mpaka adutse. Wakhala ukuipirikitsa masiku onsewa, lero ipemphe ikhale. Imakumvera iwe."

Gologolo anathamangira pamwamba pa mbawa. Anasuzumira kumwamba. Dzuwa, mbale yoyera ija, linali litayamba kale kuonekera.

Anatsika n'kukhala pafupi ndi khutu la Gwape, ndipo anaimba motsitsa kuti agalu asamve. Inali nyimbo yomwe ija, koma anaitembenuza. Mlendo uja amene ankamunyoza tsopano ankamupepesa, ankamuyalira mphasa, ankamupempha kuti asapite kwa amake, akhaleko pang'ono pokha. Gwape ankavomera yekha ndi kaliwu konjenjemera. Chiyambire, Gologolo anali asanaimbepo ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo. Ndipo akuimba choncho, masamba a chitsamba anayamba kuoneka limodzilimodzi.

"Ikuchoka," anatero Gwape. "Msuweni, ndalakwanso chiyani? Sindinagwedezeke."

Apa Gologolo analira.

"Sunalakwe. Msuweni, ine nkhungu sindiidziwa. Agogo anga sanandisiyire nyimbo iliyonse, ndinapeka ndekha. Ndimangoona kumwamba dzuwa likamaboola, basi. Nkhungu simva nyimbo, simva mdidi, simva kanthu. Ndinkangothawa kuthamanga."

Agalu ankamveka akubwerera.

"Ndiye tsiku lija ndinatambasula mwendo, sindine ndinaiitana?" anafunsa Gwape.

"Si iwe."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Gwape anapuma mozama. "Aa, ndiye bola. Masiku onsewa ndimati ndine ndalepheretsa anzanga kuthamanga. Zimandiwawa kuposa mwendowu." Anamuyang'ana. "Kwera mumtengo, wamchira iwe. Chaka chino msana ulibe malo."

Akanamutukwana bwenzi zili bwino. Gologolo sanakwere. M'mutu mwake munabwera nzeru yomaliza, ndipo inali nzeru yabwino ndithu. Agalu akaona kanthu kakuthawa pansi amaiwala fungo lililonse. Iye akanawakokera kutali, kupitirira chulu, anthu akanawatsatira, ndipo Gwape akanatsala m'chitsamba osaonedwa.

"Gona phee, usadzuke," anatero.

Analumpha n'kukagwa pamaso penipeni pa galu wotsogola, anamukwapula ndi mchira pamphuno, n'kuliyatsa la pansi. Agalu onse anatembenuka. Anthu anakuwa n'kuwatsatira. Nzeru inagwira!

Inali njira yomwe ija, ya pa mbawa kukafika pachulu, imene ankaikana m'mawa uliwonse. Poyamba miyendo inamvera. Asanafike ngakhale pa chitsa chimene chinavulaza Njiri, m'nthiti munayamba kubaya. Mimba ya mtedza wa mwezi wathunthu inkakhula pansi. Mpweya unatha. Anadziuza kuti pang'ono pokha, chulu chokha, koma miyendo inasanduka ya eni. Anamva mpweya wa galu pamchira. Panali kamtengo pambali, ndipo thupi lake linakwera lokha iye asanalilole.

Agalu anauwa pansi pa kamtengoko kanthawi. Anthu anafika, anayang'ana m'mwamba.

"Kagologolo chabe," anatero mmodzi. "Tiyeni, tataya nthawi."

Anabwerera njira yomwe anadzera. Sanapite patali, paja Gologolo sanawapititse patali. Nthawi imeneyo nkhungu inali itachokeratu, kunja kuli ngwee, m'mawa wokoma wothamanga. Ali pamwamba pa kamtengo kaja, Gologolo ankaona zonse bwinobwino. Anaona galu wotsogola akuima, akununkhiza, akukhotera kuchitsamba. Anaona Gwape akudzuka n'kuyesa kuthawa ndi miyendo itatu. Zotsalazo sindinena, mukuzidziwa.

Nyama zambiri zinapita tsiku limenelo, zoposa chaka china chilichonse. Zotsala zinasonkhana pansi pa mbawa dzuwa litapendeka. A Ntchefu anayankhula misozi ili m'maso.

"Abale anga, tachepa. Koma tithokoze mwini nkhungu. Akanapanda kuigwira m'mawa uja kuti itibise, bwenzi titatha tonse. Ndipo ena mwaona mmene anadziperekera kwa agalu chifukwa cha msuweni wake."

Nyama zinaomba m'manja.

"Ayi!" anakuwa Gologolo. "Ine ndinakunamizani! Nkhungu sindiidziwa ine! Gwape ndamupha ndine!"

"Chisoni chamusokoneza mutu," anatero Njiri mofatsa, akusisita zotupa zake. "Ine ndinaiona ndi nkhope yangayi mphamvu yake. Musiyeni alire."

"Zoona, a kapitawo," anatero a Ntchefu. Ndipo poti Njiri ndiye anayankhula pomalizira, nkhani inathera pomwepo.

Palibe anamulanga Gologolo. Anapempha chilango, osachipeza. Anapita kuchitsamba kuja, anatola luzi limene analidula ndi mano, n'kukaliika pogona pake, pamwamba pa mbawa.

M'mawa mwake kunagwanso nkhungu. Nyama zinasonkhana, zinapinda miyendo, zinadikira nyimbo. Gologolo anatsika, sanayang'ane aliyense, n'kuyamba kuthamanga yekha kulowera kuchulu.

"Mwini nkhungu! Bwerera, kuli nkhungu!" zinakuwa nyama.

Gologolo anangopitirira. Anakafika pachulu, anabwerako, anapitanso. Nyimbo ija sanaiimbenso mpaka kufa kwake.

N'chifukwa chake gologolo mukamuona m'mawa sakhazikika. Atsika mumtengo, athamanga pansi, aima njo kuyang'ana uku ndi uku ngati wamva wina akumuitana, athamanganso. Kaya kuli nkhungu kaya kuli ngwee, iye sadumpha tsiku. Liwiro analiphunzira ndithu, ndipo lero galu samugwira wamba. Kungoti amene ankapempha m'mawa umodzi wokha uja kulibe.

Yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule adye yekha, ine njala yandithera.